Kapaipi ka m'khosi kafuna mlonda

Pa 15 April 2020 tauni ya Kafue inadzuka ili yotsekedwa. Boma linalamula kuti anthu akhale pa nyumba zao, pasakhale wolowa kapena wotuluka, kuti anchito a zaumoyo apime anthu matenda a COVID-19. Mwezi unali usanathe kucokera pa 18 March, tsiku limene Zambia inalengeza odwala ake awiri oyamba. Anthu a ku Shikoswe, Kafue Estates ndi Zambia Compound akali kulikumbukira tsiku limenelo. Akumbukiranso nyengo yozizira ya June ndi July 2021, pamene mtundu wa Delta unadzaza zipatala za mu Lusaka, mpweya wa okosijeni n'kuyamba kupelewera, maliro n'kumangotsatizana.

Wodwala wa ku Kafue amene kupuma kunamukanika kotheratu anali kutumizidwa ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, ku zipatala monga Levy Mwanawasa ndi UTH. Abale sanali kuloledwa kulowa m'mawodi a korona. Zimene anali kudziwa ndi zokhazo zimene anamva pa foni, ndipo ena mwa iwo anamva mau akuti, "Atate anu tawaika kapaipi m'khosi." Amene wodwala wao anacira anamulandira ali ndi kacipsera pambali pa khosi kapena pamwamba pa cifuwa. Amene wao sanabwerere anatsala ndi funso limene ena akali nalo mpaka lero: kodi kapaipi kaja kanali kothandiza, kapena ndiko kanawatsiriza?

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa mosabisa. Kapaipi ka mu mtsempha waukulu kapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo palibe cipinda ca odwala mwakayakaya, cimene acipatala amacicha ICU, cimene cingagwire nchito popanda iko. N'zoonanso kuti kali ndi ngozi zake, zina zakupha, ndipo ngozizi zimacuruka pa nthawi ya mliri. Cimene cimazicurukitsa ndi kusowa kwa munthu wokalondera usana ndi usiku. Mliri wina usanafike, dziko liyenera kukonzeratu mlonda ameneyo.

Kodi kapaipi aka n'ciani?

Aliyense aidziwa diripi. Namwino amalasa mtsempha wa pa dzanja, n'kusiyamo kapulasitiki kafupi kamene madzi ndi mankhwala zimadzera. Kapaipi kamene acipatala amakacha central line n'kosiyana. Kwa munthu wamkulu kamatalika masentimita 15 kufika 20, kamalowa mu mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, ndipo nsonga yake imakathera pa khomo penipeni pa mtima. Malo olowetsera alipo atatu: m'mbali mwa khosi, pansi pa fupa lopingasa la pamwamba pa cifuwa, ndi m'mphecepece mwa ncafu.

Anthu ena amayesa kuti iyi ndi diripi yamphamvu kuposa ya pa dzanja. Sizitero. Pa matenda a kolera, pamene wodwala afunika madzi ambiri mofulumira, kapulasitiki kafupi kakakulu ka pa mkono kamathira madzi msanga kuposa kapaipi katali ka m'khosi. Nchito yeniyeni ya kapaipi katali ndi ina. Alipo mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi, monga noradrenaline, amene angawotche mnofu ngati atayikira kunja kwa mtsempha waung'ono. Cilipo cakudya ca madzi coperekedwa m'magazi kwa munthu amene matumbo ake sagwira nchito. Alipo makina osefa magazi a munthu amene impso zake zaima. Alipo ena mwa mankhwala a khansa. Zonsezi zifuna mtsempha waukulu, umene magazi ake ndi ambiri ndipo amayenda mwamphamvu. Nthawi zinanso wodwala amafika mitsempha ya pa manja itabisala yonse, ndipo sipakhala njira ina.

Kaikidwe kake si ka dzulo. Mu 1929 dotolo wacinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha kapaipi mu mtsempha wa pa mkono mpaka ku mtima, ndipo mu 1956 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi anzake awiri. Mu 1953 dotolo wa ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger, anapeza njira imene ikali kugwira nchito mpaka lero: kulasa mtsempha ndi nyeleti, kupisa kawaya kofewa m'kati mwa nyeleti, kucotsa nyeleti, kutsetsereza kapaipi pamwamba pa kawaya, kenaka kusolola kawayako. Ikamveka conco ioneka nchito yapafupi. Bvuto lili pa zinthu zimene zinakhala moyandikana ndi mitsemphayo.

Ngozi za tsiku loika

Nsonga ya phapo imafika pansi penipeni pa fupa la pamwamba pa cifuwa. Nyeleti ikapitirira pang'ono cabe imaboola phapo, mpweya n'kuyamba kudzaza m'cifuwa, phapo n'kufota. Kafukufuku wamkulu wa ku France wofalitsidwa mu 2015, wa odwala opitirira 3,000, anapeza kuti pa odwala 200 alionse oikidwa kapaipi pansi pa fupali, atatu anabooledwa phapo kufikira pofunika paipi ina yocotsa mpweya m'cifuwa. Kwa oikidwa m'khosi anali mmodzi pa 200. Ici cinacitika m'zipatala zokhala ndi zipangizo zonse. Kwa wodwala amene ali pa makina opumira, ngozi imeneyi imakula m'mphindi zowerengeka, pakuti makina amapitiriza kupopera mpweya pa ciboo comweco.

Pambali pa mtsempha wa m'khosi pamadutsa mtsempha wina wogunda, wopereka magazi ku ubongo. Ukalasidwa molakwa, magazi amatha kuunjikana m'khosi mpaka kupanikiza njira ya mpweya. Madotolo amaphunzitsidwa kuti magazi a mu mtsempha wogunda ndi ofiira kwambiri ndipo amatumpha. Koma kwa wodwala wa COVID-19 amene okosijeni yamuthera ndipo magazi ake ayenda mofooka, magazi a mtsempha wogunda amatha kutuluka akuda ndiponso osatumpha, n'kumunamiza ngakhale dotolo wozolowera.

Zilipo ngozi zinanso. Kawaya kakalowa kwambiri kamakhudza mtima n'kusokoneza kagundidwe kake. Kawaya komweko kakapulumuka m'zala kamatha kutsalira m'thupi. Kamwa la kapaipi likasiyidwa lotseguka pamene wodwala akoka mpweya, mpweya umalowa m'magazi n'kukatseka mtima. N'cifukwa cake poika wodwala amagonekedwa cagada mutu uli m'munsi pang'ono, ndipo pocotsa amagonekedwanso, pabala n'kupanikizidwa ndi kumatidwa bwino.

Ngozi yobwera mwakacetecete

Ngozi za tsiku loika zimaoneka ndipo zimathamangitsa anthu. Imene imapha mwakacetecete imabwera patapita masiku. Khungu ndi mpanda umene umachinga tizirombo kuti tisalowe m'magazi, ndipo kapaipi ndi cipata coboola mpandawo. Tizirombo ta pa khungu la wodwala timatsetsereka kunja kwa kapaipi. Ta pa manja a anchito timalowa pa kamwa lake nthawi iliyonse pamene mankhwala alumikizidwa, ndipo mu ICU zimenezi zicitika kambirimbiri pa tsiku. Tikalowa timamatirira ku pulasitiki n'kudzikuta ndi zonanda zimene mankhwala amalephera kuzipyoza. Kucokera pamenepo timagwera m'magazi, pa khomo la mtima.

Wodwala amene anayamba kupezako bwino amatentha thupi mwadzidzidzi, amanjenjemera, magazi amatsika, impso zimayamba kufooka. Kunja pa khosi nthawi zambiri sipaoneka kanthu. Ngati palibe wokayikira kapaipi, matenda atsopanowa amawerengedwa monga kukula kwa matenda akale, ndipo wodwala akamwalira aliyense amati ndi korona. Kuti citsimikizike cifuna kutenga magazi ndi kuwaika mu labu kwa masiku angapo kuti tizirombo timere, nchito imene ifuna mabotolo ake, magetsi osazima ndi wopima wodziwa. Ndipo tizirombo ta m'zipatala, monga Klebsiella ndi Staphylococcus, tambiri tinaleka kumva mankhwala wamba.

Kapaipi kamaumitsanso magazi mu mtsempha umene kalimo. Mkono, khosi kapena mwendo zimatupa, ndipo cibulumwa ca magazi cikasomphoka cimakatseka mitsempha ya m'mapapo. Tsiku lililonse limene kapaipi kakhala m'thupi limaonjezera ngozi ziwirizi.

Cimene mliri unasintha

COVID-19 inakhudza pafupifupi cinthu ciliconse cimene cimateteza wodwala ku ngozi zimenezi. Wodwala wobanika sangagone cagada mutu uli m'munsi. Woika kapaipi anali atabvala magolovesi awiri, cophimba kumaso cocita nthunzi ndi covala cotentha, zala sizimva bwino ndipo maso saona bwino. Matendawa amaumitsa magazi, motero odwala ambiri anali kupatsidwa heparin, mankhwala osungunula magazi, amene amacititsa kuti polasidwa molakwa pakhe magazi kwambiri. Kucokera mu June 2020 zinadziwika kuti dexamethasone apulumutsa odwala ofunika okosijeni, koma mankhwala omwewa amafooketsa citetezo ca thupi ndipo amabisa kutentha thupi. Odwala a pa makina anali kugonekedwa cafufumimba kwa maola 16 pa tsiku kuti mapapo atseguke, ndipo pamenepo malovu ndi mamina zimatsikira pa bandeji ya pa khosi imene ili pansi, kosaoneka.

Coposa zonse cinali kucepa kwa anthu. Wodwala wa pa makina opumira ayenera kukhala ndi namwino wake yekha. Pa mliri namwino mmodzi anali kuyang'anira ambiri, anzake ena ali kudwala, ena atabwerekedwa ku mawodi amene saona kapaipi kotere. Magolovesi, amene nchito yake ndi kuteteza wodwala, anasanduka codzitetezera wanchito, ndipo golovesi yosasinthidwa imanyamula tizirombo monga dzanja losasamba.

Ici sicinali ca maiko osauka okha. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza kuti m'miyezi itatu yomaliza ya 2020 matenda a m'magazi ocokera ku timapaipi timeneti anakwera ndi 47 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, atakhala akutsika kwa zaka zambiri. Ngati zinatero kumene kuli anamwino ambiri, malabu ndi ndalama, munthu sangayembekezere kuti mawodi a kuno anapulumuka.

Kuno kunasowanso mlonda wina amene a ku America alibe. M'zipatala za mu Zambia wodwala amakhala ndi womudwazika, mai, mkazi, mlongo kapena mwana, amene amagona pambali pa bedi. Iyeyu ndiye amayamba kuona kuti bandeji yanyowa, kuti wodwala wayamba kunjenjemera, kuti m'tulo akukoka paipi. Mu ICU odwazika salowa kukagona, koma pa nthawi yabwino amalowa kudzaona, ndipo wodwala akatsikira ku wodi wamba, nthawi zina kapaipi kakali m'khosi, amakhala naye. Mliri unatseka citseko cimeneci. Panali cifukwa comveka, koma mtengo wake unali wakuti maso ambiri anacoka pa wodwala pa nthawi yomwe anamwino anali ocepa.

Zinthu zisanu zosadula

Njira yocepetsera matenda amenewa idziwika. Dotolo Peter Pronovost wa ku Johns Hopkins anaiyesa m'zipinda za ICU zokwana 103 m'cigawo ca Michigan ku America, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu December 2006. Panalibe makina atsopano. Panali kapepala ka zinthu zisanu. Woika asambe m'manja. Abvale cisoti, cophimba pakamwa, gauni ndi magolovesi ophera tizirombo, ndipo wodwala afunditsidwe nsalu yoyera thupi lonse. Khungu lipukutidwe ndi chlorhexidine. Mphecepece mwa ncafu apewemo ngati malo ena alipo. Ndipo tsiku lililonse pafunsidwe ngati kapaipi kakali kofunika, ngati ai kacotsedwe. Matenda a m'magazi anatsika ndi 66 peresenti ndipo anakhalabe otsika kwa miyezi 18.

Madotolo onse a m'zipatala zimenezo anali kuzidziwa kale zinthu zisanuzi. Cimene cinasintha n'cakuti namwino anapatsidwa kapepala m'manja ndi mphamvu yoimitsa dotolo amene walumpha cinthu cimodzi, ndipo akulu a cipatala analonjeza kuima kumbuyo kwa namwinoyo. Cinanso n'cakuti cipinda ciliconse cinayamba kuwerenga odwala amene agwidwa ndi matendawa ndi kuuzana ciwerengero cake.

Apa ndi pamene pali nchito yaikulu kwa anthu a kuno. Mwana wa mu Zambia amaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pa gulu, ndipo ulemu umenewu umalowa nao m'cipatala. Namwino wacitsikana amene wangomaliza maphunziro angaone dotolo wamkulu akhudza bedi ndi golovesi yoyera, n'kumeza mau ake. Koma ulemu uli ndi njira zake zonenera zoona. Mau akuti, "A dotolo, pepani, golovesi yakhudza citsulo, ndabweretsa ina," sacotsa munthu ulemu. Dotolo wanzeru amathokoza. Cofunika n'cakuti akulu a cipatala anene poyera, ndi kulemba, kuti namwino wotere wacita nchito yake ndipo sadzabvutitsidwa.

Zimene ena anganene

Ena adzati kukamba zotere ndi kunyoza anchito a zaumoyo amene anagwira nchito usiku ndi usana, ena mpaka kutaya miyoyo yao. Ai ndithu. Munthu amene wagwira nchito maola ambiri atabvala pulasitiki, ali ndi odwala ocuruka kuposa manja ake, amalumpha zinthu ngakhale akhale wodzipereka motani. Kapepala ka zinthu zisanu kanalembedwera munthu wotopa ameneyo. Kumusiya alimbane yekha ndi kukumbukira kwake ndiko kumulakwira.

Ena adzati kuulula ngozi kudzaopseza anthu, adzayamba kukana cithandizo. Pa mliri manong'onong'o anali ponseponse akuti wopita ku cipatala sabwerako, ndipo ena anacedwa pa nyumba ndi zofukiza mpaka mocedwa. Koma manong'onong'o amamera pamene acipatala akhala cete. Banja limene lauzidwa m'Cinyanja, Citonga kapena Cibemba kuti kapaipi aka n'kofunika pa cifukwa cakuti, ngozi zake ndi izi, ndipo kadzacotsedwa mankhwala akuti akatha, limakhulupirira cipatala kuposa banja limene langoona bala pa khosi la mtembo.

Enanso adzati ndalama kulibe. Makina amodzi opumira amadya ndalama zogulira chlorhexidine, nsalu zoyera ndi mabandeji a odwala ambirimbiri. Wodwala mmodzi wogwidwa ndi matenda a m'magazi amakhala masiku oonjezera pa bedi limene wina alidikira, akumwa mankhwala odula kwambiri. Pa mliri maso onse anali pa makina ndi masilinda a okosijeni, ndipo zinali zoyenera. Koma wodwala amene makina amusunga ndi moyo kwa milungu iwiri n'kufa ndi kacirombo kolowera pa khosi, ndalama zonse zija zapita pacabe.

Zofunika kukonzeratu

Bungwe la WHO linalengeza pa 5 May 2023 kuti COVID-19 yaleka kukhala ngozi ya dziko lonse, itapha anthu opitirira 4,000 mu Zambia. Miyezi yocepa itapita, kolera inabuka mu Lusaka, ndipo mu January 2024 bwalo la masewero la National Heroes linasanduka cipatala. Mliri wina udzabwera, kaya wa m'mapapo kaya wa m'mimba. Nthawi yokonzekera ndi ino pamene mawodi akupuma.

Coyamba, paliponse poikidwa kapaipi kotere pakhale bokosi limodzi lokhala ndi zonse zofunika, ndi kapepala ka zinthu zisanu. Woika asamayendeyende kufuna nsalu uku, mankhwala uko, pakuti cimene cili kutali cimalumphidwa.

Caciwiri ndi makina ounikira m'thupi a ultrasound. Ndi makinawa woika amauona mtsempha ndi nyeleti pa galasi m'malo mongopapasa. Ku Britain analangiza kale mu 2002 kuti kapaipi ka m'khosi kaziikidwa motero. Masiku ano alipo ang'onoang'ono olumikiza ku foni, ndipo makina omwewo amaonetsa msanga ngati phapo labooka, popanda kudikira X-ray.

Cacitatu ndi maphunziro. Zambia inayamba kuphunzitsa madotolo ake akatswiri ogoneka odwala pa opareshoni mu 2011, ndipo akali ocepa. M'zipatala zambiri za m'maboma nchito imeneyi ili m'manja mwa ma clinical officer. Iwowa pamodzi ndi anamwino ayenera kuphunzira pa zidole ndi pansi pa maso a wodziwa pa nthawi ya mtendere. Usiku wa mliri si nthawi yoti munthu alase khosi koyamba.

Cacinai cikhudza zipatala zotumiza odwala ku Lusaka, monga za m'boma la Kafue. Si wodwala aliyense wotsika magazi amene afunika kapaipi ka m'khosi asanakwere ambulansi. Malangizo a akatswiri a dziko lonse a mu 2021 amalola kuyamba noradrenaline pa diripi yabwino ya pa mkono kwa maola ocepa, malo olasapo akuyang'aniridwa pafupipafupi, m'malo mocedwetsa mankhwala kudikira kapaipi. Kapaipi kamene sikanaikidwe sikangaboole phapo. Ndipo ngati kaikidwa mothamanga pofuna kupulumutsa moyo, popanda ukhondo wokwanira, kalata yotumizira wodwala inene zimenezo, ndi tsiku lake, kuti olandira akasinthe pasanathe maola 48.

Cacisanu ndi kuwerenga. ICU iliyonse idziwe odwala angati anali ndi timapaipi, kwa masiku angati, ndi angati anabooledwa phapo kapena kugwidwa ndi matenda a m'magazi. Ciwerengero cimeneci cisakhale cokwapulira munthu, apo ai anthu adzabisa. Cimene siciwerengedwa cimaoneka ngati kulibe.

Cacisanu ndi cimodzi, pa mliri wotsatira pakhale munthu amene nchito yake yokha ndi kuyendera timapaipi tonse m'wodi tsiku ndi tsiku, ndi wina woimbira mabanja foni. Ngati odwazika atsekeredwa kunja, wina ayenera kutenga malo ao.

Gawo la banja

Wodwazika saloledwa kugwira kapaipi, koma ali ndi maso ndi pakamwa. Bandeji yoonekera m'kati imasinthidwa pakatha masiku 7, ya thonje pakatha masiku 2, ndipo iliyonse imasinthidwa pomwepo ikanyowa, ikada kapena ikamatuka. Namwino asanalumikize mankhwala amasamba m'manja ndi kupukuta kamwa la kapaipi ndi spiriti. Mwana amene adwazika amai ake angathe kunena mwaulemu kuti, "A sisita, bandeji ya amama yamatuka," kapena kufunsa pa nthawi imene madotolo ayendera odwala kuti, "A dotolo, kodi kapaipi aka kakali ndi nchito, kapena kangacoke?" Funso limeneli ndi limodzi mwa zisanu zija za ku Michigan. Paja safunsa anadya phula. Wacipatala amene akwiya ndi funso lotere waiwala kuti mdwazikiyo akumuthandiza nchito.

Nkhaniyi siithera mu ICU. Mu Kafue muli anthu amene amapita ku Lusaka kukasefedwa magazi kaamba ka impso, ndipo ena amakhala pa nyumba ndi kapaipi pa cifuwa kwa miyezi. Wotere asanyowetse bandeji posamba, asalowe mu mtsinje, asadzolepo mafuta kapena mankhwala acikuda, ndipo lumo kapena sizasi zisayandikire. Akatentha thupi kapena kunjenjemera, makamaka atangocoka pa makina, asangoti ndi malungo n'kugula mapiritsi pa kantemba. Apite ku cipatala tsiku lomwelo ndi kunena kuti ali ndi kapaipi. Cimodzimodzi akaona kufiira, mafinya, kutupa kwa mkono, khosi kapena nkhope, kapena akayamba kubanika. Kapaipi kakang'ambika kapena citsekero cake cikagwa, kapindidwe ndi kupanidwa pakati pa pong'ambikapo ndi khungu. Kakasololoka, wodwala agonekedwe pansi, pabala papanikizidwe mwamphamvu ndi nsalu yoyera, ndipo athamangitsidwe ku cipatala. Wina asayese kukabwezera.

Kwa mabanja a ku Kafue amene anaika maliro m'zaka za 2020 ndi 2021 ndipo akali kudzifunsa za bala la pa khosi, yankho loona ndi ili. Wodwala amene anafika poikidwa kapaipi kotere anali atadwala kale kwambiri, ndipo kanaikidwa pofuna kumupulumutsa. Ambiri anaphedwa ndi matenda amene anawapititsa kumeneko. Ena, monga zinacitikira m'maiko onse, kapaipi kanaonjezera bvuto lao. Amene anapita sangabwezedwe. Cimene cingatheke n'cakuti wodwala wotsatira, wokwera ambulansi pa mseu womwewo wa ku Lusaka, akapeze bokosi lodzaza, namwino wololedwa kulankhula, ndi munthu wofunsa m'mawa uliwonse ngati kapaipi kakali kofunika.